NZERU ZA MAKONO: Nthambo ya Kompyuta Ili ndi Malire

M'midzi ina muli acinyamata amene ali ndi tizilimba ta m'thumba, tochedwa MP3. Pofuna kuikamo nyimbo, amatilumikiza ku kompyuta ndi nthambo ya USB. Nthamboyo ikafupika, ena amagula kolumikizira ka mabowo awiri, nalunzanitsa nthambo ziwiri kapena zitatu, poganiza kuti bvuto latha.

Komatu nthambo ili ndi malire ace. Mtundu wa USB 2.0, umene unayamba m'caka ca 2000, unakonzedwa kuti usapitirire mamita 5. Kolumikizira kamangogwirizanitsa mawaya, sikaonjezera mphamvu. Magetsi ocokera m'kompyuta ndi a mavoti 5 okha, ndipo amafooka pa mtunda wautali, makamaka ngati mawaya ali ang'ono. Pa mfundo iriyonse pamatayikanso mphamvu ina.

Zotsatira zace n'zomvetsa cisoni: kompyuta imalephera kuzindikira kacilimbako, batire silidzala, ndipo nyimbo ikadukira panjira imaonongeka. Mwini wace amanyoza kacilimba kosalakwa, mwinanso n'kutaya ndalama za mbeu pogula kena.

Wofuna kufika patali ayenera kugula nthambo yokhala ndi kacipangizo kolimbitsa uthenga, kapena kuika pakati kabokosi kochedwa hub, kamene kali ndi magetsi aceace. Koma njira yosafuna ngwee ndiyo kusendeza kacilimba pafupi ndi kompyuta, ndi kugwiritsa nchito nthambo imodzi yaifupi ndi yolimba.