ZAPAKHOMO PATHU: Tebulo la Panja Limayamba Kufa ndi Miyendo



Kuno kunyanja, mwezi wa Okutobala ndi Novembala m'nyumba za malata simukhalika masana, ndipo banja lonse limathawira pansi pa mtengo wa mango. N'chifukwa chake pamakomo ambiri, kuyambira ku Mangochi mpaka ku Nkhotakota, tikuona matebulo a matabwa okhala ndi mabenchi awiri olumikizika ku miyendo yake. Ana amalemberapo ntchito ya kusukulu, alendo amamwerapo tiyi, ndipo agogo amene mawondo awo akukana kukhala pamkeka amapeza popumira. Chomvetsa chisoni n'chakuti ena mwa matebulowa safika dzinja lachitatu. Ndalama zimene bambo adasunga kwa miyezi zimathera m'mimba mwa chiswe, ndipo nthawi zina benchi limathyoka mwana ali pomwepo.

Adani a tebulo la panja ndi atatu: madzi, chiswe ndi dzuwa. Madzi amalowa kwambiri kumapeto kwa thabwa, kumene adadula ndi sowo, pakuti kumeneko timitsempha ta mtengo n'totseguka ndipo timayamwa madzi monga chingwe cha nyale chimayamwira palafini. Miyendo ya tebulo imaponda pansi ndi mapeto omwewo. Ikakhala pa dothi lonyowa imawola kuchokera m'kati, ndipo chiswe chimakwera njira yomweyo. Dzuwa nalo limang'amba matabwa apamwamba, madzi a mvula n'kupeza polowera. Aliyense wogula kapena wokhometsa tebulo akumbukire adani atatuwa asanatulutse ndalama.

Poyamba tione za matabwa. Ofala ndi otsika mtengo ndi a paini, ochokera m'nkhalango zobzalidwa monga Chikangawa pa mapiri a Viphya, ku Zomba ndi ku Dedza. Paini ndi wopepuka ndi wosavuta kupala, koma chiswe chimamukonda, motero panja sangakhalitse popanda mankhwala. Bulugama ndi wolimba ndi wolemera, koma amang'aluka ndi kupindika ngati adamucheka ali wamuwisi. Mlombwa ndiye mfumu ya matabwa, chifukwa mtima wake wofiirira suwola msanga ndipo chiswe sichiukonda, ngakhale mbali yoyera ya kukhungwa imafumbwa ngati mtengo wina uliwonse. Komabe mlombwa ndi mbawa ndi mitengo yachilengedwe imene ikutha, ndipo lamulo la za nkhalango la 1997 silimalola kuidula mwachisawawa, choncho funsani wogulitsa ngati ali ndi chilolezo. Mkungudza wa ku Mulanje, umene udasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu mu 1984, watsala pang'ono kutheratu paphiri lake. Wina akakutsatsani matabwa ake, kanani.

Mtengo uliwonse umene mungasankhe, matabwa akhale ouma. Thabwa laliwisi limalemera, limazizira m'manja, ndipo utuchi wake umamatana. Tebulo lokhomedwa ndi matabwa otere limaoneka bwino pa tsiku logula, koma likamauma polumikizira pamakhwepa ndipo limayamba kugwedera. Mukagula aawisi, asanjeni pamthunzi popita mphepo, muike timitengo pakati pa thabwa ndi linzake, ndipo mudikire miyezi ingapo.

Pogula lokhomakhoma, musanyengeke ndi kung'anima kwa vanishi. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Weramani muone kunsi. Tiboo tating'ono totulutsa ufa tikusonyeza kuti thabwalo layamba kale kufumbwa. Onani ngati pali mfundo zazikulu pa miyendo kapena pakati pa benchi, chifukwa thabwa limathyokera pamfundo. Kenaka khalani akuluakulu awiri kapena atatu mbali imodzi. Tebulo likayamba kunyamuka mbali inayo, miyendo yake njopanikizana, ndipo tsiku lina lidzagubuduza tiyi wotentha pa ana.

Kwa amene mukupita kwa kalipentala, miyeso yake nayi. Tebulo lalitali mamita 1.8 limakwana akuluakulu asanu ndi mmodzi. Pamwamba pake patalike masentimita 75 kuchokera pansi, ndipo mabenchi akhale pa masentimita 45. Matabwa akhale ochindikala masentimita 4 kapena 5. Miyendo itagade ngati chilembo cha A, mapazi ake afike mpaka kunsi kwa mabenchi, ndipo pakhale matabwa awiri opingasa mopendekeka ochokera pakati pa tebulo kupita ku miyendo, oletsa kugwedera. Uzani kalipentala kuti asagundanize matabwa apamwamba ngati a tebulo la m'nyumba. Asiye mpata wa mamilimita 5, wokwana msomali waukulu, kuti mvula idzitsikira pansi. Pamene miyendo ikumana ndi matabwa onyamula mabenchi amange ndi mabawuti osachita dzimbiri okhala ndi mawashala, osati misomali yokha, pakuti bawuti ikakhwepa imamangidwanso ndi sipanala pomwe msomali umangozuka. Ngodya zonse azipale kuti zikhale zobulungira, ndipo akweche ndi sandipepa kuti zibanthu zisabaye ana.

Tsopano za mankhwala, ndipo apa tisamale chifukwa tebulo ndi podyera. Ambiri timapaka oyilo wakuda wa galimoto pa nsichi ndi pa mitengo ya mpanda. Oyilo ameneyu ali ndi zoipa zambiri ndipo asafike pamene pamakhala chakudya kapena manja a ana. Mankhwala a chiswe monga Solignum apakidwe kumunsi kwa miyendo kokha, makamaka kumapeto odulidwa aja, motsatira malangizo a pachitini. Palinso matabwa obiriwirako olowetsedwa mankhwala otchedwa CCA, amene muli poizoni wa arsenic. Ku America adasiya kupangira zinthu za pakhomo monga matebulo ndi zoseweretsa ana ndi matabwa otere kumapeto kwa 2003. Ngati tebulo lanu ndi lotere, lipakeni penti, yalani nsalu podya, ndipo zidutswa zake musasonkhere moto, chifukwa utsi ndi phulusa lake n'zoopsa.

Pamwamba pa tebulo pakani penti wamafuta kawiri kapena katatu, kapena mafuta a linsidi. Vanishi wa mipando ya m'nyumba salimba padzuwa la kuno. Amasweka n'kuyamba kusupuka. Nsanza zopakira linsidi musaziunjike, chifukwa zimatha kutentha mpaka kuyaka zokha. Ziyanikeni zotambasula kapena ziviikeni m'madzi.

Pa kasamalidwe tiphunzire kwa asodzi athu, amene sadikira kuti boti limire kuti aliyang'ane. Tebulo lisaponde dothi kapena mchenga. Ikani njerwa yootcha kapena mwala wafulati pansi pa mwendo uliwonse, ndipo sabata iliyonse posesa pabwalo yang'anani ngati chiswe chayamba kumata dothi, n'kulikanda nthawi yomweyo. Sesani masamba a mango ogwera m'mipata, chifukwa amasunga chinyezi. Alongo, musasandutse tebuloli thandala loyanikira mbale, ndipo poto wotentha azikhala ndi chotsamira.

Ntchito yaikulu ichitike kamodzi pachaka, mu Seputembala kapena Okutobala, matabwa ali ouma kwambiri mvula isanayambe. Tsukani ndi sopo, liume masiku awiri, mangani mabawuti, kwechani pamene pasupuka, ndipo pakaninso. Bayani mapazi a miyendo ndi nsonga ya mpeni. Ukalowa mosavuta, mwendowo usinthidwe nthawi yomweyo, wina asanavulale. M'dzinja likokereni pakhonde ngati malo alipo. Polifundika pulasitiki siyani m'mbali motseguka, pakuti lokulungidwa lonse limachita thukuta ndi nkhungu.

Ntchito zimenezi n'zoti ana a zaka khumi akhoza kuthandiza, wina atagwira sipanala wina burashi, ndipo adzakula akudziwa kusamala katundu wa pakhomo. Lero lomwe madzulo, pendeketsani tebulo lanu muone mapazi ake, ndipo ngati ali pa dothi, pezani njerwa zinayi. Tidzakumananso m'kope lotsatira, Insha Allah.