Tabuleti ikuyankhula Chichewa, mphunzitsi wauzidwa aziyankhula Chingerezi

Mu 2015, Nicola Pitchford, katswiri wa kaganizidwe ka ana wa ku yunivesite ya Nottingham, anasindikiza m'magazini ya Frontiers in Psychology zotsatira za kafukufuku amene anachitira pa sukulu ina ya boma ku Lilongwe. Ana 318 a Sitandade 1 mpaka 3 anagawidwa patatu. Gulu loyamba linkaphunzira masamu pa tabuleti, pogwiritsa ntchito pulogalamu ya bungwe la onebillion, kwa mphindi 30 patsiku kwa masabata 8. Gulu lachiwiri linapatsidwa tabuleti zopanda masamuwo. Lachitatu linapitiriza kuphunzira monga mwa masiku onse. Ana a Sitandade 2 ndi 3 amene anaphunzira masamu pa tabuleti anaposa anzawo.

Ndimaulemekeza kafukufukuyu chifukwa cha gulu lachiwiri lija. Mwana aliyense akapatsidwa chinthu chowala chimene sanachionepo amakondwa, ndipo wofufuza waulesi amatenga kukondwako ngati kuphunzira. Pitchford anatseka mpata umenewo. Sugata Mitra, amene mu 1999 anaika kompyuta pakhoma ku Kalkaji, mumzinda wa New Delhi, n'kupambana mphoto ya TED ya madola 1 miliyoni mu 2013, anatchuka ndi ganizo loti ana angathe kudziphunzitsa okha. Ganizo limenelo limakomera nduna zachuma, chifukwa kompyuta siitanitsa malipiro ndipo sinyanyala ntchito. Kafukufuku wa ku Lilongwe sananene zimenezo. Tabuleti zinagwira ntchito m'sukulu, pa nthawi yoikidwa, aphunzitsi ali pomwepo kuyang'anira. Uku n'kuphunzira kophatikiza makina ndi munthu, ndipo amene amatchula dzina la Pitchford pofuna kunena kuti mphunzitsi watha ntchito akunamizira mayiyu.

Mkangano wanga weniweni uli pa chinthu chimene anthu ambiri amachidumpha powerenga lipotilo. Pulogalamu ija inkayankhula Chichewa. Mwana akamva m'makutu mwake mawu oti "kuwonkhetsa", "kuchotsera", "kugawa", sankayamba wamasulira asanayambe kuwerengera. Kafukufukuyu sanayerekeze ziyankhulo, choncho sindimusenzetsa Pitchford mfundo imene sanaiyeze. Komabe opanga pulogalamuyo anasankha Chichewa mwadala, monganso anagwiritsa ntchito Chiswahili pa mpikisano wa XPRIZE ku Tanzania, umene onebillion anapambana limodzi ndi Kitkit School mu 2019. Anadziwa kuti mwana wa zaka 7 saphunzira masamu m'chiyankhulo chimene sachimva.

Tsopano taonani zimene boma lathu linachita pa nthawi yomweyo. Mu 1996, Unduna wa Zamaphunziro unalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chiyankhulo cha kwawo. Lamulo la Zamaphunziro la 2013 linasintha zimenezo n'kuika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira, ndipo mu 2014 unduna unalengeza kuti izi ziyambire Sitandade 1. Kenaka mu 2023 boma lomwelo linayamba ndondomeko ya BEFIT yofuna kufikitsa tabuleti ku sukulu zonse za pulayimale za boma. Choncho m'kalasi limodzi muli aphunzitsi awiri. Wa galasi ndi batire waloledwa kuyankhula ndi mwana m'Chichewa. Wamoyo, amene anabadwira ku Dedza kapena ku Mchinji ndipo amadziwa mwanayo ndi makolo ake, lamulo likumuuza aziyankhula Chingerezi. Mwana akakhoza, timayamikira makina. Akalephera, timati aphunzitsi ndi osadziwa ntchito.

Ine ntchito yanga ndi kumasulira, ndipo ndikudziwa kuti kuika masamu a ana m'Chichewa si ntchito yodabwitsa. Mawu alipo kale, aphunzitsi ankawagwiritsa ntchito kwa zaka zambiri. Chimene chikusowa ndi chilolezo komanso mabuku. Ndalama zogulira tabuleti, ma sola ndi mabatire zimapezeka chifukwa opereka thandizo amakonda chinthu chimene angachijambule. Ndalama zosindikizira buku la masamu m'Chitumbuka kapena m'Chiyao sizioneka, ngakhale kuti mwana wa ku Rumphi kapena ku Mangochi amene amva Chichewa pa tabuleti akumvabe chiyankhulo chimene mwina sichoyankhulidwa kunyumba kwawo.

Sindikutsutsa tabuleti. Kuyambira 1994, pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere, makalasi athu anadzaza mpaka mphunzitsi mmodzi sangathe kuona kope la mwana aliyense, ndipo makina amene amauza mwana pompopompo kuti walakwitsa apa ndi thandizo lenileni. Ndikutsutsa kutenga theka la phunziro n'kusiya theka linalo. Ngati boma likukhulupirira kafukufuku wa Pitchford mokwanira kugulira tabuleti sukulu zonse, libweze lamulo la 2013 pa Sitandade 1 mpaka 4, kuti mphunzitsi nayenso aziphunzitsa m'chiyankhulo chimene ana amamva. Lilipirenso anthu oika mapulogalamuwa ndi mabuku a masamu m'Chitumbuka, Chiyao, Chisena, Chilomwe ndi Chitonga, ndipo liitane ofufuza a ku yunivesite ya Malawi ndi ku Mzuzu kuti ayeze zotsatira zake mosamala ngati momwe mayi uja anayezera ku Lilongwe.