ZA KU NCHITO: Wamva M'mimba Ndiye Atsekula Chitseko



Sabata yathayi ndalandira kalata yochokera kwa mnyamata wina wa kwathu amene agwira nchito m'fakitale yopanga mafelemu a mazenera. Dzina lake sinditchula, pakuti wandipempha chomwecho. Iye akuti: "Achikulire, tsiku ndi tsiku nditaya nthawi yambiri poyenda kukatenga zitsulo ku mbali ina ya nyumba. Ndaona kuti benchi lathu likadasendezedwa pafupi ndi makina odulira, ine ndi anzanga awiri tikadatsiriza mafelemu ambiri osatopa. Koma ndiopa kunena. Kapitao adzati ndiri kudzionetsera, kapena adzatenga nzeruyo n'kukaipereka kwa bwana ngati yake. Ndiponso nchito ikafulumira, kodi mmodzi wa ife sadzachotsedwa?"

Funso limeneli ndi lalikulu, ndipo sindifuna kuliyankha mothamanga, chifukwa inenso linandisautsapo.

Pamene ndinali mnyamata ndinagwira nchito m'fakitale ya zitini. Makina amene ndinali kuyang'anira anali kuphwanya zitini nthawi zina, ndipo ine ndinazindikira msanga kuti asanayambe kuphwanya, kulira kwake kunali kusintha ku mbali ya kumanzere. Akuluakulu anaitana amisiri, ndipo amisiriwo anatha masiku atatu akumasula makinawo ku mbali ya kumanja, ine ndiri chiriri pambali ndi tsache m'manja. Palibe amene anandifunsa, ndipo ine ndinati mumtima, "Ine ndine yani kuti ndiphunzitse anthu a sukulu?" Mapeto ake mnzanga wogwira usiku anachotsedwa nchito, namunenera kuti ndi wosasamala. Patapita mwezi anapeza kuti chobvuta chinali bauti limodzi lokhwepa, kumanzere komwe kuja. Kufikira lero mtima wanga undiweruza chifukwa cha munthu ameneyo.

Tsono ndifuna kukusimbirani za anthu amene anazindikira kuti kukhala chete kotere kuononga chuma.

M'chaka cha 1950 kampani ya Toyota ku Japan inatsala pang'ono kugwa. Ndalama zinasowa, anchito ananyanyala, ambiri anachotsedwa, ndipo mkulu wa kampaniyo, Kiichiro Toyoda, anatula pansi udindo wake. Chaka chomwecho Eiji Toyoda, mwana wa bambo ake aang'ono, anapita ku America kukaona mafakitale a Ford pafupi ndi mzinda wa Detroit. Makina akuluakulu amene anaona kumeneko sakadatha kuwagula. Koma anaonanso kanthu kena kosalira ndalama zambiri: anthu a Ford anali ndi dongosolo lakuti wanchito alembe maganizo ake a m'mene nchito ingayendere bwino. Mu 1951 a Toyota anayamba dongosolo lotere kwao, nalilimbikira zaka ndi zaka, mpaka linasanduka khalidwe la fakitale yonse.

Musaganize kuti maganizo amenewa ndi a zinthu zodabwitsa. Ambiri ndi ang'onoang'ono ngati a mnyamata wathu wa mafelemu: kusendeza bokosi la mabauti kuti dzanja lifike msanga, kukweza benchi kuti msana usapweteke, kujambula malo a sipanala iriyonse pa thabwa kuti yosowa ioneke pomwepo. Anthu a ku Japan atcha zimenezi kaizen, ndiko kunena kukonza pang'onopang'ono kosalekeza. Ife kwathu timati tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha.

Chinanso ndi ichi. Pa mzere wopangira magalimoto anaika chingwe chimene wanchito aliyense ali nayo mphamvu yakuchikoka akaona cholakwa. Akakoka, nyali iyaka ndipo mtsogoleri wa gulu athamangira kudzathandiza. Zikakanika kukonzeka msanga, mzere wonse uima. Nzeru imeneyi inachokera kwa Sakichi Toyoda, atate wa Kiichiro, amene anapanga makina oluka nsalu oima okha ulusi umodzi ukaduka. Iwo anaona kuti kuli bwino kuima mphindi zochepa kusiyana ndi kupanga zinthu zambiri zoonongeka. Inu a ku Durban amene mudziwa fakitale ya ku Prospecton, kumene apanga Hilux, funsani anzanu a kumeneko za mau awa akuti kaizen.

Kapena wina adzati, "Amenewo ndi anthu a ku Japan, mtundu wao ndi wina." Tamverani tsono za ku Fremont, ku California. Kampani ya General Motors inali ndi fakitale kumeneko imene mbiri yake inali yoipa ndithu. Anchito ndi akapitao anali pa udani, kujomba kunali kwakukulu, kotero kuti masiku ambiri munthu mmodzi mwa anthu asanu sanali kubwera, ndipo magalimoto anali kutuluka ndi zolakwa zambiri. Mu 1982 anaitseka. Mu 1984 anaitsegulanso mogwirizana ndi a Toyota, naitcha NUMMI, ndipo ambiri mwa anthu amene analembedwa anali omwe aja akale onenedwa kuti ndi aulesi. Mazana angapo anatumizidwa ku Japan kukaphunzira, chingwe chija chinaikidwa, ndipo anchito anapatsidwa mpata wakukonza okha kagwiridwe ka nchito yao. Sipanapite zaka zambiri, magalimoto a ku Fremont anawerengedwa pakati pa abwino koposa a General Motors yense. Anthu anali omwewo, mudzi womwewo. Chimene chinasintha ndicho chakuti tsopano anali kufunsidwa ndi kumvedwa.

Koma pali mfundo imene ikhudza mantha a mnyamata wathu. Bungwe la anchito ndi eni ake a fakitale anapangana kuti anthu sadzachotsedwa wamba. Mu 1988 malonda anagwa ndipo nchito inachepa kwambiri, koma sanachotse anthu. Anawapatsa maphunziro ndi nchito yokonza m'fakitale kufikira zinthu zinabwerera. Fakitaleyo inatsekedwa mu 2010, General Motors italowa m'mabvuto a ndalama ndi kutulukamo mu mgwirizanowo, koma phunziro lake likhalabe: munthu sapereka nzeru yakuti imudule yekha pakhosi.

Tsono kwa iwe mwana wanga wa mafelemu, mau anga ndi awa. Sindingakulonjeze kuti bwana wako ali ndi mtima wotere. Koma usakhale chete monga ndinachitira ine. Choyamba, werenga: pa tsiku limodzi uyenda kangati kukatenga zitsulo, ndipo ulendo umodzi utenga mphindi zingati? Lemba pa pepala, ulembenso tsiku lake ndi maina anu atatu, usunge pepala lina lofanana nalo. Chachiwiri, usapite wekha. Pitani atatu kwa kapitao, mwaulemu, pamaso pa anzanu, pakuti nzeru yonenedwa poyera ibvuta kuiba. Chachitatu, pemphani kuti muyese sabata imodzi yokha. Zikakanika benchi libwerere pamalo pake. Ngati pali komiti ya anchito kapena bungwe, adziwitseni, ndipo funsani poyera kuti nthawi imene idzapulumuke idzagwira nchito yanji. Ndipo chenjera: usasendeze makina wekha, kapena kuchotsa chitsulo chotchinga manja poti nchito ifulumire. Nzeru yodula chala si nzeru ai.

Kwa inu akapitao ndi mabwana amene muwerenga tsamba lino, ndiri ndi mau atatu. Bokosi la maganizo lokhomedwa pa khoma silithandiza kanthu ngati litsegulidwa kamodzi pa chaka. Yankhani munthu aliyense msanga, ndipo ngati mwakana muuzeni chifukwa chake. Tchulani dzina la mwini nzeru pamaso pa anzake, ndipo ngati pali mphotho, ngakhale yaing'ono, ifike m'manja mwake. Ndipo nchito ikapepuka chifukwa cha maganizo a anthu anu, musawabwezere ndi kalata yowachotsa, pakuti mukatero tsiku limodzi lokha, pakamwa pa onse padzatsekeka zaka khumi.

Amisiri a sukulu adziwa zambiri, ndipo tiyenera kuwalemekeza. Koma munthu amene aima pa makina amodzi maola asanu ndi atatu tsiku liri lonse amva kulira kwake monga mai amva kulira kwa mwana wake. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Mwana wanga, undilemberenso kuti ndimve m'mene zayendera. Inunso ena amene munaperekapo maganizo ku nchito, kaya analandiridwa kaya anakanidwa, tumizani makalata anu kuti anzanu aphunzirepo. Tsalani bwino, tidzachezanso sabata ya mawa.

Ine wanu,
Madala wa pa Benchi