Ulusi, nati ndi msomali pafelemu ya chitseko

Mwana wa mchemwali wanga, yemwe ali Fomu 3, anandipeza Loweruka lapitali ali ndi kope m'manja. Aphunzitsi a fizikisi awauza kuti aliyense apange chipangizo chake kunyumba, akachionetse m'kalasi.

"Amalume, ine ndipanga makina a mphepo ngati a William Kamkwamba," anatero, maso ali gwa.

Ndinakondwa. Kamkwamba anatsegula mitu ya ana ambiri. Ali ndi zaka 14, atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi, anapeza buku lotchedwa Using Energy mu laibulale ya ku Wimbe, ku Kasungu, ndipo anamanga makina ake ndi mitengo ya bulugama, mapaipi a pulasitiki, njinga yakale ndi dainamo. Koma zimenezi zinamutengera miyezi yambiri akutolera zitsulo kudzala, ndipo anayamba ndi kachitsanzo kakang'ono. Mtsikana wanga anali ndi masabata awiri okha. Ndinamufunsa funso limodzi: "Makina akowo akazungulira, iwe uyeza chiyani?" Anangoti duu.

Apa ndi pamene ana athu ambiri amasocherera, ndipo ife makolo ndi amene timawasocheretsa. Timafuna chinthu chachikulu, chowala, choti anthu aombere m'manja. Ena timafika potengera ntchito ya mwana kwa owotcherera zitsulo, kulipira, n'kukamusiyira pageti la sukulu chinthu chopentedwa bwino chimene iye sangafotokoze ngakhale waya mmodzi. Zimenezo zimandiwawa, chifukwa mwanayo tamulanda phunziro lake. Chipangizo cha fizikisi chimayenera kuyankha funso, ndipo yankholo lizituluka m'manambala amene mwana wawerenga yekha.

Tinagwirizana zopanga pendulamu, kuti makina a mphepowo adikire tchuthi chachikulu. Pendulamu ndi katungwe basi: chinthu cholemera chomangirira kuchingwe, chikupita uku ndi uku. Galileo Galilei wa ku Italy ndi amene anazindikira kuti nthawi ya ulendo wake siisintha chisawawa, ndipo mu 1656 Christiaan Huygens anapangirapo wotchi. Ife tinangofuna ulusi, nati yaikulu ya galimoto, msomali, tepi ya atelala imene tinabwereka kwa amayi ake, ndi foni yowerengera masekondi. Sitinaononge ngakhale tambala.

Tinayambira pakhonde, koma kamphepo ka madzulo kankakankha natiyo n'kumaizunguza. Tinalowa m'nyumba, iye n'kukhomera msomali pafelemu ya chitseko cha kuchipinda. Ulusi wosokera unkapotoka ndi kutamuka, choncho tinausintha n'kuikapo chingwe chopyapyala cha mbedza. Anayeza mita imodzi, anakokera natiyo pambali pang'ono chabe, n'kuitaya osaikankha. Ulendo umodzi ndi kupita n'kubwerera pomwe yachokera. Kuyeza ulendo umodzi wokha n'kudzinamiza, chifukwa chala chimachedwa kudina foni. Ndi bwino kuwerenga maulendo 20 kenako n'kugawa. Anagwada pansi, milomo ikuyenda, mpaka anakuwa kuti "twente!" Foni inaonetsa masekondi 40 ndi theka.

Ndiye ndinamufunsa kuti akamanga nati ziwiri, katungweyu afulumira kapena achedwa? Anayankha mosakayika kuti cholemera chimathamanga. Anamanga, anayeza katatu, ndipo nthawi inali pafupifupi yomweyo. Anandiyang'ana ngati ndamuchita matsenga. Atafupikitsa chingwe kufika masentimita 25, maulendo 20 aja anatha m'masekondi ongopitirira 20 pang'ono. Chingwe chafupika kanayi, nthawi yatsika pafupifupi ndi theka. Palibe amene anamuuza. Anaziona yekha, n'kuzilemba m'kope ndi dzanja lonjenjemera.

Chimene chinandisangalatsa kwambiri ndi cholakwika chimene chinatulukira pamapeto. Ndi utali wa chingwe ndi nthawi ya ulendo umodzi, munthu atha kuwerengera mphamvu imene dziko limakokera nayo zinthu pansi, imene mabuku amati ndi pafupifupi 9.8. Iye anapeza 9.6. Anafuna kufufuta kuti angolemba ya m'buku. Ndinamugwira dzanja. Tinabwerera pachitseko paja, ndipo patapita kanthawi iye mwini anaona vuto: anayeza chingwe kulekeza pamwamba pa nati, pomwe muyeso umayenera kufika pakati penipeni pa chinthu cholemeracho. Masentimita awiri okhawo ndi amene anasokoneza. Atakonza, nambala inafika pa 9.8. Ndinamulangiza kuti mu lipoti lake alembemo zonse ziwiri, yolakwika ndi yokonza, komanso chifukwa chake, poti mphunzitsi wodziwa ntchito akaona zimenezo amadziwa kuti mwana anagwiradi chipangizo ndi manja ake.

Sindikunena kuti mwana aliyense apange pendulamu. Wina atha kukulunga waya wa kopa pamsomali, kulumikiza kubatire la tochi, n'kuwerenga mapini amene ukunyamula akamaonjezera mipindi ya waya. Wina atha kuboola kachitini n'kumata pepala lopyapyala kumbuyo, aone mtengo wa mango utaima chadodolido. Chachikulu n'chakuti pakhale chinthu chimodzi chimene akusintha, china chimene akuyeza, ndipo magetsi a m'nyumba asawayandikire n'komwe.

Lolemba m'mawa anazula msomali uja, anakulunga chingwe chake pakamtengo, natiyo n'kuiponya m'thumba la yunifolomu. Ali pakhomo anatembenuka n'kundiuza kuti akapempha aphunzitsi amulole kumangirira chingwe cha mamita anayi kudenga la holo, aone ngati ulendo umodzi ukwanedi masekondi anayi.