Mpeni woyamba wa mlimi usapose mtengo wa nkhuku imodzi

Chaka chilichonse, ikafika nyengo yophunzira kumezanitsa mitengo ya zipatso, timapempha ophunzira kuti aliyense atulutse mpeni wake ndi kuuika pa tebulo la ku nazale. Wina amatulutsa lezala lokulungidwa m'kapepala, wina mpeni wa kukhitchini wobwereka kwa amayi ophika, ndipo ambiri amangozolika chifukwa alibe. Koma sipalephera kupezeka mnyamata mmodzi kapena awiri otulutsa chimpeni chonyezimira, cha mano ngati sowo kumsana kwake, chojambulidwa chinjoka pa chigwiriro. Chaka chatha mpeni woterowo unapindika wokha pamene mwini wake anali kusema kamtengo ka mango, ndipo unamutema chala chamkombaphala mpaka kuoneka fupa. Mnyamatayo anakhala masabata awiri akungopenyerera anzake akugwira ntchito. Ndalama imene anatayira pa mpeniwo ikanamukwanira kugula mpeni wabwino, mwala wonolera, ndiponso paketi ya mbewu ya matimati.

N'chifukwa chake tafuna kunena maganizo athu poyera, kwa inu amene muli pano ndi kwa inu amene munatsiriza kale ndipo muli kuminda kwanu ku Katete, ku Petauke, ku Lundazi kapena kwina kulikonse. Mlimi aliyense, mwamuna ndi mkazi yemwe, ayenera kukhala ndi mpeni wopinda wakewake. Koma mpeni woyambawo ukhale waung'ono, wopanda zokongoletsa, wonoleka mosavuta, ndipo mtengo wake usapose wa nkhuku imodzi ya kumudzi. Ngati wogulitsa akufuna zoposa pamenepo, tsazikani mwaulemu ndi kupita kwina.

Tiyambe ndi ntchito imene mpeniwo udzagwira, pakuti chida chimasankhidwa poyang'ana ntchito yake. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, mlimi amadula chingwe chomangira matimati, amasula msoko wa thumba la mbewu kapena la fetereza, amasongola zikhomo zoyezera mizere, amadula mbewu ya mbatata, amang'amba phesi la chimanga kuti aone ngati kapuchi walowamo. Chibwerereni mbozi ya ntchemberezandonda m'dziko muno kumapeto kwa chaka cha 2016, kufufuza m'minda ya chimanga kwakhala ntchito ya mlungu ndi mlungu, ndipo mpeni umathandiza kutsegula chomera chokayikitsa. Palinso kudula paipi yothirira, kuwenga ziboda za mbuzi, kusongola pensulo yolembera m'buku la munda, ndi kusenda nzimbe pa nthawi yopuma. Pa ntchito zonsezi palibe ngakhale imodzi yofuna mpeni wautali. Chitsulo chotalika masentimita 7 kufikira 9, kapena kuti chofanana ndi chala chanu chamkombaphala, n'chokwanira. Ntchito ikaposa pamenepo ndiye kuti ndi ya chikwanje kapena nkhwangwa, ndipo amene amakakamiza mpeni wa m'thumba kugwira ntchito ya nkhwangwa amathyola mpeniwo kapena kudzivulaza.

Chachiwiri n'chitsulo. M'masitolo muli mitundu iwiri. Pali chitsulo chakuda, cha kaboni, chimene chimanoleka msanga ngakhale pa mwala wamba ndipo chimathwa kwambiri, koma chimachita dzimbiri mukachisiya chonyowa, ndipo chimada chikakhudza madzi a mandimu kapena a matimati. Kudako si vuto, dzimbiri lofiira ndilo loyenera kupewa. Palinso chitsulo chosachita dzimbiri, choyera ngati supuni. Chabwino chake chilipo, koma pa mitengo yotsika chimene chimapezeka kawirikawiri n'chofewa: lero mwanola, mawa chabuntha. Kwa wophunzira amene akuyamba kumene, ife timakonda chitsulo chakuda, chifukwa chimamuphunzitsa zinthu ziwiri nthawi imodzi, kunola ndi kusamala. Amene amagwira ntchito m'dimba lonyowa tsiku ndi tsiku, ndipo akudziwa yekha kuti ndi woiwalaiwala, angasankhe chosachita dzimbiricho, ndipo sitingamudzudzule.

Chachitatu, chimene chikanapulumutsa chala cha mnyamata uja, ndi chotsekera chimene chimagwira mpeni kuti usapindike pamene uli wotsegula. Musapereke ndalama musanauyese. Utseguleni, gwirani chigwiriro zala zanu zili kutali ndi njira ya chitsulo, ndipo kanikizani kumsana kwake ndi chala chachikulu cha dzanja linalo. Ukayamba kugonja, ubwezeni. Gwedezaninso chitsulocho uku ndi uku. Chikamagwedera pa msomali wake chili chatsopano, dziwani kuti mwezi usanathe chidzakhala ngati dzino la mwana lofuna kuguluka. Potsiriza upindeni ndi kupapasa ngati nsonga yabisika bwino m'chigwiriro, chifukwa nsonga yotulukira kunja imaboola thumba ndi ntchafu yomwe. Mano a sowo, kampasi, tochi ndi zina zotere musazilabadire. Mano aja sanoleka pa mwala wa kumudzi, ndipo amatafuna khungwa la mtengo m'malo molidula. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Ambiri amatifunsa za maina. Mpeni wodziwika kwambiri kuno kummwera kwa Africa ndi Okapi. Unayamba kupangidwa ku Solingen m'dziko la Germany m'chaka cha 1902, ndipo kuyambira mu 1988 umapangidwa ku South Africa. Wamasiku onse uja uli ndi chigwiriro cha mtengo, chitsulo chakuda, ndi kamphete kamene mumakoka pofuna kuupinda. Nthawi zambiri umabwera wosathwa bwino, koma ukadutsa pa mwala umagwira ntchito zaka. Wina ndi Opinel wa ku France, umene Joseph Opinel anayamba kupanga mu 1890. Wa nambala 8 uli ndi chitsulo cha masentimita 8 ndi theka, chopyapyala, chodula bwino mitengo yanthete, ndiponso mkombero wozungulira wotsekera. Chilema chake n'chakuti chigwiriro chimatupa m'nyengo ya dzinja, mpeni n'kumavuta kutsegula. Victorinox wa ku Switzerland, wa chigwiriro chofiira, ndi wabwino ndithu, koma weniweni ndi wodula, ndipo ang'onoang'ono ambiri alibe chotsekera. Wotchipa kwambiri wokhala ndi dzina limeneli muzimukayikira, pakuti dzina lodindidwa pa chitsulo aliyense angathe kulidinda. Sitikukuuzani kuti mufunefune maina amenewa. Mpeni wopanda dzina umene wapambana mayeso atatu aja uposa wa dzina lotchuka umene walephera.

Tikudziwa kuti ena a inu simukugwirizana nafe pa nkhani ya mtengo. Mnzathu wina wophunzitsa za ziweto amakonda kutiuza kuti chotchipa chimadula, ndipo kuti munthu agule chinthu chabwino kamodzi kokha. Pa pulawo, pa pampu kapena pa wilibala, mawu akewo ndi oona. Koma mpeni woyamba uli ndi tsoka lake. Umagwera m'maudzu ophimbira nthaka, umatsalira pa mzere wa kumapeto kwa munda, umabwerekedwa pa maliro pamene anthu akusenda maungu ndipo subwereranso. Kuwonjezera apo, dzanja losazolowera limauwononga pophunzira kunola. Munthu amene wagula mpeni wa ndalama zambiri amauopa, amausunga m'sutikesi, ndipo tsiku limene akuufuna kumunda amapezeka akudula chingwe ndi mano. Tiyeneranso kusiyanitsa kutchipa kuwiri. Pali mpeni wotchipa chifukwa ulibe zokongoletsa, ndipo pali wotchipa chifukwa chitsulo chake n'chachabechabe pamene ndalama yonse inapita ku utoto. Woyambawo ndiwo tikukulimbikitsani. Ndalama imene Mulungu waika m'manja mwa mlimi woyamba kumene ndi yochepa, ndipo kapitawo wokhulupirika amaiika pamene idzabala: m'mbewu, m'katemera wa nkhuku, m'machubu a nazale.

Ena amati lezala likwanira. N'zoona kuti lezala latsopano limadula bwino kaso ka lalanje pophatikiza pa mndimu, ndipo alimi ambiri ayamba nazale zawo motero. Koma lezala lilibe pogwira, limathyoka pa mtengo wokhwima, ndipo likagwa pansi limadikira phazi la mwana. Komanso tivomereze kuti mpeni wa m'thumba si mapeto. Amene adzapange nazale ya mango, malalanje ndi makotapela kukhala bizinesi yake adzafunika mpeni weniweni womezanitsira, wonoledwa mbali imodzi yokha kuti uzidula mosalala. Umenewo mudzaugule ndi phindu la mbande zoyamba, ndipo musadzaubwereketse kwa wodula nzimbe.

Ndalama yotsala pa nkhuku ija igule mwala wonolera, wa mbali ziwiri, yokhakhala ndi yosalala. Mpeni wobuntha ndiwo umavulaza kwambiri, chifukwa umafuna mphamvu, ndipo ukaterereka mphamvu yonseyo imathera pa dzanja. Pomezanitsanso, kamnofu kobiriwira kamene kali pansi pa khungwa ndiko kamalumikiza mitengo iwiri. Mpeni wakuthwa umakadula kamodzi n'kusiya malo osalala ogwirana bwino. Wobuntha umakatswanya, ndipo pakapita masabata atatu mupeza kanthambi kauma. Nyowetsani mwala, gonekani chitsulo ndi kudzutsa msana wake pang'ono, pafupifupi madigiri 20, ndipo kankhani ngati mukufuna kusenda mwalawo. Chitani chimodzimodzi mbali zonse ziwiri, kuyamba kokhakhala ndi kutsirizira kosalala, kenaka pukutani pa lamba wakale wachikopa. Musaupereke kwa a makina onolera zikwanje, pakuti chitsulo chopyapyala chikatentha mpaka kusintha mtundu chimafewa ndipo sichigwiranso kuthwa. Dzanja silizolowera tsiku limodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mpeni umene umayenda m'thumba umayendanso ndi matenda. Matenda ena a matimati, monga aja opiringiza ndi kuchititsa mawanga masamba, amasamuka kuchoka pa chomera china kupita pa china kudzera m'manja ndi m'zida. Mukadula chomera chodwala, pukutani mpeni ndi sipiriti, kapena uviikeni m'madzi a Jik, gawo limodzi la Jik pa magawo 9 a madzi, kenaka utsukeni ndi kuumitsa, chifukwa Jik amadya chitsulo. Pa ziweto chenjezo lathu n'lolimba koposa. Mu 2023 matenda a anthrax anavuta m'zigawo zingapo za Zambia, ndipo anthu ambiri anadwala chifukwa chosenda ndi kudya nyama ya ziweto zofa zokha. Ng'ombe kapena mbuzi ikafa mwadzidzidzi, mpeni wanu ukhale m'thumba, ndipo itanani alangizi a ziweto. Ngakhale pa tsiku wamba, mpeni umene wawenga ziboda usasende chipatso cha mwana usanatsukidwe ndi sopo.

Pali nkhani ina imene sitingaidumphe. Okapi yemwe uja ali ndi mbiri yoipa m'makomboni a m'mizinda, chifukwa anthu achifwamba akhala akuugwiritsa ntchito pobaya anzawo. Anyamata ena amagula mpeni kuti aziopedwa, ndipo ndi iwo amene amakopeka ndi chinjoka cha pa chigwiriro. Ife timati mpeni wa mlimi ndi mbale wake wa khasu, ndipo umapita kumene khasu lingapite. Pa mlandu wa malire a munda kwa amfumu, pa msonkhano wa ndale, pa bwalo la mpira, kapena kulikonse kumene mitima ingatenthe, usiyeni kunyumba. Mkangano umene ukanatha ndi mawu okha ungathe kusiya banja lina pa maliro ndi lina likuyendera mwana wawo kundende, chifukwa chakuti m'thumba munali chitsulo. Wachinyamata amene akudziwa kuti mtima wake ndi wapachala ayambe walimbana ndi mtimawo, ndipo ngati n'kofunika, mpeni wake uzigona m'nyumba ya zida pamodzi ndi makasu. Kunyumbanso usungidwe pamwamba, pamene ana sangafikire.

Kwa inu amene mudzabwera ku phunziro la kumezanitsa m'chigawo chikudzachi, bwerani ndi mpeni ndi mwala wake, ndipo tsiku loyamba tidzalithera pa kunola tisanakhudze mtengo uliwonse. Boolani kabowo pa chigwiriro ngati palibe, ndi kumangapo kachingwe kowala kuti mpeni ukagwa m'maudzu uzioneka. Azimayi ambiri amaumangirira ku lamba wa m'kati mwa chitenje ndipo sautaya. Mwambo umene takhala tikuphunzitsa pano muupitirize kwanu: pa Chisanu masana, pamene mukutsuka makasu ndi kukonzekera Sabata, tsukaninso mpeni, upititseni pa mwala kangapo, dontheza kadontho ka mafuta ophikira pa msomali wake, ndipo uikeni pa shelefu. Ukapuma pamodzi ndi mwini wake, pa Sondo m'mawa mudzaupeza uli wokonzeka.