Wet Leg idakhetsera thukuta kutchuka kwake

Akonzi,

Amene analemba m'nyuzipepala yanu kuti gulu loimba la Wet Leg lidangotchuka mwamwayi, ndiponso kuti makanema ake ndi achibwana, sananene zoona.

Choyamba, mwayi wake uti? Rhian Teasdale adatha zaka akuimba payekha, anthu osamulabadira kwenikweni, asanayambitse gululi ndi Hester Chambers kwawo ku Isle of Wight mu 2019.

Chachiwiri, kanema wa nyimbo yawo ya "Chaise Longue" wa 2021 adamukonza okha. Muonereni mofatsa. Awiriwa avala madiresi aatali achikale, nkhope ya Chambers yabisika m'chipewa chachikulu cha udzu, pomwe Teasdale wangoti maso tong'o pa kamera, osamwetulira ngakhale mawu ake ndi oseketsa. Zonsezi n'zochita kuziganizira. Ine ndimaimba gitala m'kagulu kathu kuno, ndipo ndikudziwa kuti kujambula kanema wokopa anthu ndi ndalama zochepa kumafuna mutu.

Chachitatu, chimbale chawo choyamba chidafika pa nambala 1 ku Britain mu 2022, ndipo mu 2023 adalandira mphoto ziwiri za Grammy. Ntchito yachibwana sifika pamenepo.

Kwa mlembiyo ndikuti: ngati nyimbo zawo sizikukusangalatsani, nenani choncho, koma musanyoze khama la eni ake.

Woimba gitala,
Zomba