Musanagule rauta, zungulirani kaye nyumba foni ili m'manja

Mwezi wathawu mnzanga wina wa golosale pano pa Embangweni anandiitana kuti ndikaone katundu amene mlamu wake anamutumizira kuchokera ku Joni. Inali rauta yoyera mbee, ya nyanga ziwiri, yooneka kuti ndi yodula. Anaiika pashelefu pakati pa sopo ndi shuga, n'kulowetsamo simu yake, n'kuyamba kudikira. Mpaka lero ikungophethira kagetsi kofiira. Rautayo inakhomedwa kuti izigwira ndi simu ya kampani imodzi ya ku South Africa basi, ndipo mlamuyo pogula sanadziwe. Wobweretsa katundu analandira yake. Mnyamata wina wokonza mafoni kuboma anayesa kuitsegula n'kulephera, koma nayenso analandira yake. Mnzangayo akadali kutuluka panja kukaima pachulu akafuna kutumiza chithunzi.

Ndayamba ndi nkhaniyi chifukwa tikangogulitsa soya ndi chimanga, ndalama n'kuyamba kuoneka m'thumba, ambiri a ife timaganiza zokonza intaneti ya pashopu kapena ya kunyumba. Ganizolo silolakwika. Masiku ano wopikula tomato pa Jenda amafunsa kaye pa WhatsApp kuti ku Lilongwe kapena ku Mzuzu beseni likuyenda bwanji asanatulutse ndalama. Wogulitsa zitenje amatumiza zithunzi kwa aphunzitsi ndi anamwino asanafike n'komwe pashopu. Ndipo m'boma lino ndi nyumba zochepa zimene zilibe mwana, mwamuna kapena mlongo ku Joni woti azilankhula naye. Intaneti yasanduka chida cha geni ngati sikelo. Koma ine ndikuti ambiri mwa amalonda ang'onoang'ono safunika kugula chipangizo chatsopano, ndipo amene akufunikadi asatulutse kwacha iliyonse asanadziwe pamene pali vuto.

Tiyambe ndi chinthu chimene ogulitsa zipangizozi sakonda kutiuza. Rauta sipanga intaneti. Imangotunga netiweki yochokera pansanja ya Airtel kapena TNM, n'kuigawira mafoni amene ali pafupi, ndipo kugawako ndi kumene timati WiFi. Zili ngati mpopi ndi ndowa. Ngati mpopi ukungodontha, kugula ndowa yaikulu sikuwonjezera madzi. Choncho mavuto alipo awiri osiyana: netiweki yosafika bwino panyumba panu kuchokera kunsanja, ndi WiFi yosafika m'zipinda zonse kuchokera parauta. Mankhwala a vuto limodzi sachiza linzake.

Inu ma ejenti a Airtel Money ndi Mpamba, mvetserani apa. Mukamagwiritsa ntchito *211# kapena *444#, simukudutsa pa intaneti ayi. Manambala amenewa amayenda panjira ya foni wamba, n'chifukwa chake kafoni ka mabatani kamatha kutumiza ndalama popanda bandulo. Ngati ndalama zikukanika kupita kasitomala ali chiimire, rauta ngakhale itadula bwanji sikuthandizani. Chimene chingakuthandizeni ndi kusuntha benchi yanu pamalo pamene foni ikugwira bwino, ndi kukhala ndi malayini onse awiri. Ndaona anthu akugula MiFi poganiza kuti ithetsa vuto limeneli, kenako n'kuigulitsa motchipa pakatha mwezi.

Ndiye mudziwa bwanji pamene pali vuto? Pimani nokha, kwaulere. Tengani foni yogwira 4G, mujambule kavidiyo kakafupi, ka masekondi khumi. Katumizeni pa WhatsApp kwa munthu wa m'nyumba mwanu, muwerenge kuti katenga nthawi yaitali bwanji kuti kapite. Jambulani kena kofanana kutalika, muyesere pakauntala, pawindo lililonse, pakhonde, kuseri kwa nyumba, ndipo ngati mungathe kwerani pampando foni ili m'mwamba. Chitani zimenezi ndi simu ya Airtel, kenako ya TNM. Musadalire timizere ta pamwamba pa foni tokha, chifukwa timatha kudzaza pamene intaneti ikukwawa. Yang'ananinso chilembo chili pambali pake: 4G ndi yabwino, H kapena 3G ndi yapakati, E ndiye kuti ingoiwalani za zithunzi. Lembani zonse kuseri kwa buku la ngongole.

Pimaninso nthawi ziwiri, m'bandakucha ndi cha m'ma 7 koloko madzulo. Apa ndi pamene ambiri amadabwa. Ngati m'bandakucha kavidiyo kakupita ngati mphezi koma madzulo kakukakamira, vuto si nyumba yanu. Nsanja imodzi imagawira anthu onse a m'deralo, ndipo madzulo aliyense amakhala ali pa Facebook ndi TikTok. Palibe rauta imene ingathamangitse anthu pansanja. Mankhwala ake ndi kusintha nthawi: zithunzi za katundu tumizani m'mawa musanatsegule shopu, madzulo muzingoyankha mauthenga olemba, amene sadya zambiri. Mwinanso mupeza kuti layini inayo ili ndi mpata nthawi imeneyo.

Ngati panja pakugwira bwino koma m'kati ayi, mdani wanu ndi nyumba yomweyo. Malata amatchinga netiweki kwambiri, makoma a njerwa zootcha amaichepetsa, ndipo shopu ya kontena ndiye bokosi lachitsulo lenileni. Zitseko zachitsulo, mafiriji, ngakhale milu ya matumba a feteleza ndi chimanga zimatchinganso. Apa ndi pamene MiFi kapena rauta ili ndi ntchito: mumaiika pamalo pamene mwapeza kuti pakugwira, pawindo loyang'ana kunsanja, m'mwamba, iyo n'kumakuponyerani WiFi pamene mwakhala. Koma musanagule, yesani ndi foni yakale imene ili m'dirowa. Ikanimo simu, yatsani Hotspot, ipachikeni pawindopo ili patchaja. Anthu awiri kapena atatu akhoza kugwiritsa ntchito bwinobwino. Kuipa kwake n'kwakuti foni imatentha ndipo batire limatha msanga mphamvu, choncho musaisiye padzuwa, ndipo mukaona batire layamba kutupa lekani pomwepo. Ikakuthandizani kwa mwezi wathunthu, ndiye kuti mwatsimikiza kuti rauta pamalo amenewo igwira.

Ndinaona shopu ina rauta itabisidwa m'kabati yachitsulo yokhoma kuopa akuba. Mantha ake ndi omveka, koma kumeneko n'kugula nyali n'kuivundikira ndi mphika. Ikhomereni pathabwa m'mwamba, masana izioneka, usiku muzipita nayo kunyumba.

Amene muli kutali ndi nsanja, kumidzi ya kuseri kwa mapiri kapena m'zigwa, funani rauta yokhala ndi pomangira eriyo yapanja. Eriyoyo mumaikweza pamtengo kapena papaipi pamwamba pa denga, n'kuitembenuza pang'onopang'ono mpaka mutapeza mbali imene ikukoka bwino. Waya wake ukhale waufupi momwe mungathere, chifukwa waya wautali umadya mphamvu yomwe eriyo yakoka. Nyengo ya mvula ikafika, kukayamba ziphaliwali zulani waya. Ndipo inu a kufupi ndi malire, cha ku Mqocha ndi madera oyang'ana ku Lundazi, onetsetsani kuti foni kapena rauta sikudumphira panetiweki ya ku Zambia. Zimitsani Roaming, musankhe nokha dzina la kampani yanu m'malo moisiya kuti izisankha yokha, apo ayi mayunitsi adzatha musakudziwa kumene apita.

Tsopano vuto lachiwiri lija, la WiFi yosafika paliponse. Ambiri a ife shopu ili kutsogolo, nyumba kumbuyo. Marauta ena amatulutsa maina awiri, lina lolembedwa 2.4 lina 5. La 5 limathamanga koma silipita patali ndipo khoma limaligonjetsa msanga. La 2.4 limapita patali ndi kudutsa makoma bwinoko. Musasokoneze 5 ameneyu ndi 5G ya makampani a mafoni, ndi zinthu ziwiri zosiyana, ngakhale ogulitsa ena amakonda kuzisakaniza dala. Kwa ife, pamene intaneti yochokera kunsanja ndi yochepa kale, 2.4 ndi yokwanira, ndipo kulipira zambiri chifukwa cha mawu akuluakulu olembedwa pakatoni n'kutaya mpamba. Tizipangizo tobwereza WiFi timene amati extender sindimatikonda. Timangobwereza zimene talandira, zofooka n'zofooka zomwe, ndipo nthawi zambiri liwiro limatsika. Ngati nyumba ili patali ndithu, kokani waya wa netiweki kuchokera parauta kukafika kurauta ina yotchipa kunyumbako. Waya umenewu umagwira bwino mpaka mamita 100.

Magetsi musawaiwale. Rauta zambiri zimagwira ndi mavoti 12 ndipo sizidya kupitirira mawati 12. Onani zolembedwa patchaja yake. Ngati ndi choncho, batire la sola limene mumatchajira mafoni likhoza kuiyendetsa tsiku lonse la malonda ESCOM ikazimitsa, bola mavoti agwirizane. MiFi ili ndi batire lake, koma la maola ochepa.

Koma mtengo weniweni wa WiFi suli pa tsiku logula. Uli pa bandulo, mwezi ndi mwezi. Apa pali msampha umene wagwira anthu ambiri. Foni ikangolumikizidwa pa WiFi imaganiza kuti intaneti ndi yaulere. Imayamba yokha kukonza mapulogalamu ake, kukweza zithunzi zonse zimene munajambula, ndi kutsitsa vidiyo iliyonse ya m'magulu a WhatsApp, ya maliro, ya ukwati, ya ndale, zonse. Bandulo imene pafoni inkatha sabata, parauta imatha masiku awiri, inu n'kumanena kuti kampani yakuberani. Pafoni iliyonse ya m'nyumba lowani pa dzina la WiFi yanu musankhe Metered, ndipo mu WhatsApp zimitsani kutsitsa mavidiyo kodzichitikira. Ola limodzi loonera vidiyo likhoza kudya theka la GB kapena kuposa. Ana atatu akaweruka kusukulu, werengerani nokha.

Pasiwedi yolembedwa pansi pa rauta isintheni tsiku loyamba. Ndikudziwa kuti kukaniza mnansi kapena wa kabaza amene amakubweretserani katundu n'kovuta, kwathu kuno kumana ndi mlandu. Koma mukapatsa mmodzi mwapatsa msika wonse, chifukwa mafoni a masiku ano amagawana pasiwedi pongojambula kachizindikiro. Ine ndimasintha yanga tsiku lililonse logula bandulo, ndipo amene akufuna amasonkha.

Alipo amene intaneti yamphamvu ndi mpamba wawo weniweni, ndipo amenewa sindikuwaletsa. Embangweni ndi malo a mishoni kuyambira 1902, pamene Donald Fraser anakhazikitsa siteshoni ya Loudon, ndipo lero pali chipatala, sekondale ya Robert Laws ndi sukulu ya ana osamva. Pamalo otere pamakhala anthu ofuna kusindikiza makalata, kutumiza mafomu a ntchito ndi a sukulu, kutsitsa mabuku. Amene ali ndi shopu ya fotokope ndi kompyuta agule rauta yabwino ndi eriyo yake, adzabweza ndalama. Ena akufunsa za Starlink, imene inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023. Imakoka kuchokera kumwamba osadalira nsanja, ndipo imathamanga. Koma mbale yake imafuna thambo loyera popanda mitengo, imadya magetsi kangapo kuposa rauta wamba, ndipo bilu imabwera mwezi uliwonse kaya malonda ayenda kaya ayi, ngakhale mu February pamene aliyense ndalama yake ili pa ufa. Kumbukiraninso kuti zipangizo zonsezi zimachokera kunja. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 mitengo yake inadumpha limodzi ndi ya china chilichonse. Kwa wa golosale kapena wa tomato, Starlink ndi lole yonyamulira dengu limodzi. Amene akuganiza zomagulitsa WiFi kwa anthu ena afunse kaye ku MACRA za chilolezo, chimodzimodzinso amene akufuna kuika zija amati booster zokweza netiweki ya mafoni, chifukwa zikakhala zosavomerezeka zimasokoneza anansi.

Nanga muwerengere bwanji ngati kugula n'koyenera? Tengani mtengo wa rauta, muugawe ndi miyezi 12, muwonjezere bandulo ya mwezi, kenako muchotse ndalama imene mumagwiritsa kale ntchito pamabandulo a mafoni onse a m'nyumba. Chotsalacho chisandutseni katundu wanu: ndi mapaketi angati a shuga, mabeseni angati a tomato, amene phindu lake lingalipire ndalama imeneyo? Pena mupeza kuti bandulo imodzi yaikulu yogawana m'nyumba ikutchipa kuposa timabandulo ta tsiku ndi tsiku ta anthu anayi, ndiye gulani. Pena mupeza kuti mukugwirira ntchito rauta.

Mukatsimikiza zogula, funsani ngati chipangizocho chimalandira simu ya kampani iliyonse kapena imodzi. Zogulidwa m'mashopu a Airtel kapena TNM kawirikawiri zimayendera simu ya eni ake, zomwe si vuto ngati mwapima kale kuti layini imeneyo ndi imene ikugwira panyumba panu. Pitani ndi simu yanu muyesere pomwepo musanalipire, mutenge lisiti, ndipo mugwirizane masiku obwezera ngati kwanu sikagwira. Wachibale ali ku Joni akafuna kukutumizirani, muuzeni aonetsetse kuti ndi yosakhoma, kapena angotumiza ndalamayo mudzagule konkuno.

Mnzanga wa golosale uja tinamupezera malo sabata yatha: windo la kumbuyo, pamwamba pa makatoni a mafuta ophikira. Pano papachikidwa foni yakale ya mkazi wake yosweka galasi, ndipo zithunzi zikupita iye ali pakauntala. Rauta yoyera ija akuti aibweza ndi munthu wopita ku Joni mwezi wamawa, mlamu wake akaigwiritse ntchito yekha.